Mlonda ndi Mtolo wa Apongozi

Lachiwiri m'mawa ndinadzera njira yachidule ya m'nkhalango ya bulugamu pa esiteti ina kuno ku Thyolo, kuthamangira minibasi ya ku Limbe. Kutsogolo kwanga kunali a Namakhwa, mlonda wa nkhalangoyo, chibonga kumanja. Lamulo lawo ndi lachidule: wopezeka akutola nkhuni alandidwe mtolo, dzina lilembedwe.

Mwadzidzidzi panatulukira mayi wachikulire atasenza mtolo. Anali apongozi awo enieni, eni mudzi umene a Namakhwa ali pa chikamwini.

Mukuganiza a Namakhwa anatani? Anapatuka n'kunjuta, nkhope kumbali, monga mkamwini woleredwa bwino. Mtolo unadutsa.

Tsoka ilo, kapitawo anali kumbuyo kwathu pa njinga.

"Achimwene, mwadzionera nokha," anatero kwa ine. "Lachisanu mubwere ku ofesi mudzanene. Mlonda woyang'ana nkhope sitimufuna."

A Namakhwa anangoti, "Bwana, ndikanawagwira pati? Nanga ndikaweruka ndikalowa m'nyumba ya yani?"

Nkhaniyi ndinamuuza mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira zamalamulo ku China. Anaseka pa foni. Akuti makolo akale a kumeneko anakangana zomwezi zaka zambirimbiri. Ena ankati lamulo lisaone nkhope. Ena ankati munthu wolamulidwa ndi mantha okha amazemba chilango, koma manyazi alibe. Mapeto ake analemba kuti munthu akhoza kubisa mlandu wa m'bale wake, ndipo mwana woneneza bambo ake ndiye ankalangidwa.

Ndinakondwera, mpaka atawonjezera kuti chifundocho chinkathera pakhomo pa mfumu yaikulu. Ukailakwira iyo, za chibale panalibe, ndipo iyoyo lamulo silinkaikhudza.

Mtima wanga wagawikana, abale. Ine kukondera ndimadana nako. Ndalembapo kangati m'nyuzipepala za anthu olowetsana ntchito m'maofesi uku akuti chibale n'fupa sichiola? Komanso lamulo lotuma mkamwini kulanda apongozi ake nthambi zogwa zokha, nalo lizichitako manyazi.

A Namakhwa ali ndi ana anayi pasukulu. Dzulo akazi awo anabwera kwathu. Sanapemphe kanthu, anangokhala pakhonde n'kumafunsa za mvula. Zinandipweteka kuposa akanalira.

Lachisanu ndi mawa. Bodza sindikanena, zonse ndinaona. Koma ndikatha kunena, ndikamufunsa kapitawoyo pamaso pa mabwana ake: akanakhala amayi a akazi anu, inu mtolowo mukanawatula ndi dzanja liti?