Kachule ka pa Kasupe Wathu

Nditangokwatiwa, madzi tinkatunga pa kasupe wa kumtunda kwa minda ya tiyi, pamene nkhalango ya m'phiri inkayambira. Ukadzaza ndowa unkathyola masamba n'kuyala pamwamba kuti madzi asatayike potsika. Tsiku lina nditatula ndowa pakhomo ndinaona kachule kali phee pa tsamba, kobiriwira, kochepa ngati chala, timiyendo take tomata ngati tapakidwa ulimbo. Ndinati ndikataye kuseri, koma mayi woyandikana nafe, wothyola tiyi ku esiteti, anandigwira dzanja.

"Ayi achemwali, kabwezeni komwe mwakatenga. Timeneti si achule a m'dambo, timakhala m'mitengo ya pa kasupe pokha. Tikachoka, madzinso achoka."

Ndinakweranso chitunda chonse chija, kachule kali m'manja, ndikung'ung'udza. Koma ndinazolowera kuyang'ana tsamba lililonse ndisanathyole, ndipo ana anga ndinawaphunzitsa zomwezo. Madzi amenewo anandilerera ana onse, Ambuye alemekezeke.

Ndiye kunabwera za makala. Amene anayamba kugwetsa mitengo ya pa kasupe si mlendo ayi, ndi alamu anga enieni, ang'ono awo a bambo a kunyumba. Ndinawapeza akukwirira uvuni, utsi uli tolotolo, masamba onse atafota.

"Alamu, phiri lonseli mwasowa pena podula?"

"Pano mitengo yake ndi yonenepa, alamu. Makala otere ku Nkando amachita kulimbirana."

"Nanga tiachule tija tipita kuti?"

Anaseka mpaka kutsamira nkhwangwa. "Mwayamba kudya achule, alamu? Mundiitane tsiku lophika."

Ndinakadandaula kwa akulu a mpingo, akuti tizipemphera. Bambo a kunyumba akuti munthu sungadane ndi m'bale wako chifukwa cha chule. Aliyense ankangomva za chule basi, za madzi ayi!

Sipanapite nthawi, kasupe anauma gwaa. Pano timalawirira ku mjigo wa kutsidya kwa msewu, kukaima pa mzere wa ndowa mpaka dzuwa kutiwotcha, ndi mawondo angawa.

Mwezi wathawu alamu aja anatsika ndi thumba la makala pa njinga, thukuta lili kamukamu, n'kuima pakhomo panga.

"Alamu, timweko madzi."

Madzi samanana, ndinaleredwa choncho. Ndinawatungira m'kapu, n'kugwada powapatsa. Anagugudiza, n'kupempha ena, ndinawapatsanso. Koma Lamulungu kutchalitchi, pemphero litafika pa mawu okhululukira amene atilakwira, ine ndinatseka pakamwa. Mpaka pano mawu amenewo sakutuluka.