Tsiku Limene Mudzi Wathu Unatchulidwa pa Wailesi

Ndikukumbukira masana ena otentha kwathu ku Nsaru, mvula ili pafupi, mudzi wonse utadzaza pakhonde la a Mbewe, amene anali ndi wailesi. Mabatire anali atawayanika padzuwa kuyambira m'mawa kuti asafooke nkhani ili pakati.

Chaka chimenecho esiteti ya fodya yoyandikana nafe inasuntha waya wake n'kumeza minda ingapo. Umodzi unali wa agogo anga, amene ankandilera makolo anga atamwalira. Phungu wathu, yemwe agogo anamuvinira pa kampeni mpaka zidendene kung'aluka, anatumiza uthenga kuti tsiku limenelo akanena za mindayo ku Nyumba ya Malamulo.

Kumeneko amayankhula Chingerezi chokhachokha. Aphunzitsi anali atapita kumaliro ku Namitete, choncho anthu anandikhazika ine pafupi ndi wailesi, poti ndinali mu Sitandade 6. Chingerezi changa chinkathera pa kupempha kutuluka m'kalasi, koma sindinali mwana wotsutsa akuluakulu. A Mbewe analamula kuti wofuna kutsokomola akatsokomolere kwawo.

Tinadikira mpaka mthunzi unasuntha. Kenako tinamva mawu a phungu wathu, ndipo pakati pa Chingerezi chothamanga panatuluka dzina la mudzi wathu, kamodzi kokha. Wina anamudula mawu. Nyumba yonse inaseka, ena akumenya matebulo, ndipo anayamba kuyankhula munthu wina.

“Akuti chiyani, mwanawe?” anandifunsa agogo, atandigwira bondo.

Sindinamve kanthu. Maso onse anali pa ine, ndipo agogo anali atavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi.

“Akuti munda atibwezera, agogo.”

Azimayi analuluta.

Sabata yomweyo kunabwera achimwene awo a agogo ochokera ku Kabudula, kudzatipatsa chigawo cha munda wawo kuti tilimeko chaka chimenecho. Agogo anathokoza n'kukana. Anati boma lanena kale pa wailesi, mdzukulu wawo wamva ndi makutu ake. Ine ndinali pomwepo, ndikusenda mtedza wa mbewu, ndipo ndinangoweramitsa mutu.

Mvula inagwa, mizere yathu inamera fodya. Mtedza wa mbewu tinakazinga n'kudya. Pofika Febuluwale tinali paganyu m'zigafa za esiteti yomweyo, tikusoka fodya wa m'munda mwathu, manja ali bii ndi phula. Agogo ankangoti zinthu za boma zimachedwa. Anamwalira akudikirabe, ine osaulula.

Masiku ano zokambirana za aphungu timazionera pa kanema, ena pafoni, ndipo Chingerezi ndimachimva bwino. Chimene sichinasinthe n'chakuti voti amadzaipempha m'Chichewa, ndi nyimbo zomwe, koma akakalowa m'nyumba ija chinenerocho amachisiya pakhomo ngati nsapato zamatope. Bodza ndinanena ndine, sindikana. Koma akanayankhula mmene ankayankhulira pa kampeni, agogo akanadzimvera okha kuti nkhani yawo yathera m'phwete, ndipo akanapita kukalima ku Kabudula.