Denga la Waulesi

Chinali chaka cha 1934, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Khonjeni. Malowo sanali athu. Makolo anga anachokera kwa Apwitikizi ndi mtolo umodzi, mzungu mwini esitetiyo n'kuwalozera pomanga nyumba ndi polima chimanga ndi nandolo. Lamulo lake linali la thangata: ugwire ntchito ya mwini malo, ukalephera unyamuke. Ndinali nditaonapo mabanja akunyamuka. Chimanga chawo chinkatsala m'munda.

Bambo anga ankagwira ku nazale, kumene ankafesa njere za tiyi. Anali ndi mabedi a mbande asanu ndi limodzi m'mbali mwa mtsinje. Njere ya tiyi imachedwa kumera, ndipo mbande yake imatuluka yanthete. Dzuwa la tsiku limodzi limatha kuipha. N'chifukwa chake pamwamba pa bedi lililonse ankamangapo chisakasa: mphanda pansi, nsungwi zopingasa, udzu pamwamba.

M'mwezi wa Juni, njere zitafesedwa kale, chitsa chinawalasa bambo pamwendo. Bala lija linasanduka chilonda, moti sankatha kuponda. Zisakasa zitatu anali atamaliza. Zitatu zinali mphanda zokhazokha.

Kapitawo wathu, a Muhiwa, anafika pakhomo. Mpando anaukana.

"Ine sindidana nanu," anatero, "koma bwana akafunsa ndikanene chiyani? Mabedi ali pambalambanda. Ofuna malo ano alipo ambiri."

"Apita mwanayu," anayankha bambo.

A Muhiwa anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Kameneka? Kakafika pansungwi?"

"Akakwera."

Aphunzitsi a kumishoni anauzidwa kuti ndijomba milungu iwiri yokha.

M'mawa mwake bambo anandiitana pamphasa pawo. "Layisoni, tamvera. Ukafolere ngati waulesi. Udzu wa apo ndi apo. Ukagona chagada pansi pake, thambo uzilionera ngati palichero lakutha." Ndinati ndamva. Chifukwa chake sindinafunse. Masiku amenewo mwana sankafunsa.

Koma ine kufolera ndinkakudziwa, ndipo apa ndi pamene panagona vuto. Atsibweni anga, a Namakhwa, ndiwo ankafolera nyumba za mudzi wonse, ndipo ine ndinkawaponyera udzu kuyambira ndili wamng'ono. Iwo ankati denga loonetsa thambo ndi manyazi a mwamuna.

Tsiku loyamba ndinachita monga anandiuzira bambo. Amayi ena opita kukatunga madzi anaima panjira, mitsuko ili kumutu.

"Taonani denga, anthuni! Uyu akadzakwatira, mkazi wake azidzagona atavala mphika."

"Si muphwa wa a Namakhwa ameneyu?"

"Ayi, ameneyu anachita kutola."

Anaseka mpaka kumtsinje. Zisakasa za bambo zinali pomwepo, zopyapyala chimodzimodzi, koma munthu wamkulu sasekedwa. Ndinadziuza kuti bambo anafolera choncho pofuna kufulumira. Ndinakwera n'kuwonjezera udzu. Ndinausanja bwino, ndinaumanga ndi luzi, m'mphepete ndinadula mofanana, ndipo ndinautsitsa mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi. Amayi anga, amene ankandimwetera udzuwo, anadabwa. "Udzu wonsewu ukuloweranji? Ukumanga tchalitchi?" Chiperoni chitagwa, pansi pa zisakasa zanga sipanadonthe ngakhale dontho. Ndinanyada. A Muhiwa anali otanganidwa kumtunda kumene ankagwetsa mitengo. Anaona madenga ali patali, n'kukhutira.

M'mawa uliwonse ndinkathirira mabedi onse ndi kheni, chitini chothirira. Mu Ogasiti njere zinayamba kumera. Za m'mabedi a bambo zinatuluka zazifupi, zonenepa, masamba obiriwira kwambiri. Zanga zinatuluka zazitali, zowonda ngati ulusi, zachikasu. Zina zinkapinda khosi zokha. Dothi lake linachita ndere, ndipo ukaweramamo munkamveka fungo la m'nkhokwe yovunda.

Madzulo aliwonse bambo ankafunsa.

"Zikumera?"

"Zikumera."

"Masamba ake?"

"Obiriwira."

Limenelo ndi bodza loyamba limene ndinawanamiza, ndipo ndinalibwereza kwa miyezi iwiri. Ndinkayembekezera kuti mawa zisintha. Chakudya chinasiya kulowa. Amayi anaganiza kuti ndili ndi njoka zam'mimba, n'kundimwetsa mankhwala owawa. Ndinamwa osakana. Ndikaona munthu wovala chipewa akutsika phiri, ndinkabisala kuseri kwa chisakasa.

Chilonda cha bambo chinachedwa kupola, ndipo milungu iwiri ija inafika mu Okotobala. Tsiku lina Lachiwiri a Muhiwa anandikuwira ali panjira: "Ukawauze abambo ako, Loweruka bwana abwera kudzaona mbande!"

Sindinawauze. Ndinaganiza ndekha, ndi nzeru za zaka khumi ndi ziwiri. Mbande zayezuka chifukwa chosowa dzuwa. Ndiye ndizipatse dzuwa, pofika Loweruka zikhala zitabiriwira. Lachitatu m'mawa ndinakwera n'kusasula udzu wonse pa zisakasa zanga zitatu, kupatula kangodya kamodzi kamene luzi lake linandikanika. Dzuwa la mwezi umenewo mukulidziwa. Pofika masana mbande zonse zinali zitagona. Ndinathamanga ndi kheni, kumtsinje, kubedi, kumtsinje, kubedi, mapazi akupsa. Dothi linkangofuka nthunzi. Lachinayi masamba anali ngati fodya wouma. Ndinaponyaponso udzu pamwamba, koma kunali kufunditsa mtembo.

Lachisanu m'mawa ndinagwada pamphasa pa bambo n'kunena zonse.

Anapempha ndodo. Ulendo umene ine ndinkayenda mothamanga, iwo anauyenda akupuma pamwala uliwonse, nsanza ya pachilonda ikunyowa magazi. Amayi ankatsatira m'mbuyo, manja ali kumsana. Titafika, bambo anayang'ana kangodya kanatsala kaja, kenaka anazula mbande imodzi n'kuipinda pachala. Analankhula m'Chilomwe, chinenero chimene ankabwererako mtima ukawawa.

"Unafolera nyumba."

"Inde."

"Zimenezo n'zazing'ono. Zitayamba kuyezuka, bwanji sunanene? Tikanamachotsa udzu pang'onopang'ono, dzanja limodzi pamlungu, mpaka zitazolowera dzuwa. Zikanachira zonsezi."

Ndinkafuna andimenye. Sanandimenye. Anandiuza kuti ndizule zakufazo imodziimodzi, ndikuwerenga mokweza, iwo atakhala pachitsa. Ndinawerenga mpaka dzuwa kupendeka. Titabwerera kunyumba ndinaona amayi akuthira mbewu ya nandolo m'chipanda n'kutseka ndi chitsononkho. Palibe anafunsa chifukwa chake. Tonse tinkadziwa kuti munthu akamasamuka amayamba wanyamula mbewu.

Loweruka mzungu anabwera ku nazale ndi a Muhiwa, ine, bambo ndi amayi tili pomwepo. Bambo anaimirira motsamira ndodo, chipewa chili m'manja.

"Ndalakwitsa ndine," anatero. "Sindinamulangize bwino mwana."

"Ayi," ndinatero ine. "Anandiuza. Ine sindinamvere."

A Muhiwa anandiyang'ana ngati akufuna kundimeza, chifukwa mwana sankalankhula pamaso pa bwana. Kenaka anatembenukira kwa mzunguyo n'kulankhula Chingerezi nthawi yaitali. Zimene ananena sindizidziwa mpaka lero. Mzunguyo anawerama n'kulowa pansi pa chisakasa cha bambo. Anayang'ana kumwamba, anagwira masamba. Anapita pa kangodya kanga kaja, anakoka udzu, koma sunasololoke. Ananena mawu ochepa.

"Akuti denga ndi labwino," anamasulira a Muhiwa, "koma iwo sanaitanitse khola la nkhuku."

Palibe anaseka. Tinkadikira mawu enawo. Mzunguyo analoza mabedi atatu amoyo aja, analoza mwendo wa bambo, n'kuyamba kukwera phiri. A Muhiwa anatsalira.

"Nyumba simuchoka. Mabedi atatuwa ndi amene akuombolani. Koma nazale aipereka kwa wina. Inu mukachira mukazula zitsa kumtunda. Munda wanu wa kumunsi autenga, adzalamo tiyi. Ndipo kamnyamataka kalowe m'gulu lopalira Lolemba, m'malo mwanu."

Amayi anakhala pansi pomwepo, padothi. Madzulo ake anakhuthula nandolo uja m'chipanda.

Ndinapalira zaka zisanu ndi chimodzi. Kenaka ndinabwerera ku nazale, ndipo pomalizira pake ndinakhala kapitawo wake mpaka tsitsi kuyera. Pansi pa zisakasa zanga sipanafenso mbande chifukwa cha denga. Wantchito aliyense watsopano ndinkamugoneka chagada pansi pa chisakasa n'kumufunsa ngati akuona thambo. Ndinkamuuzanso chifukwa chake, asanafunse. Ankati ndine wovuta. Zinalibe kanthu.

Chimene ndinamvetsa n'chakuti mbande imafuna mthunzi woti idzatulukemo. Ukaitsekera kwambiri siilimba, ndipo ukaivundukula tsiku limodzi imafa. Koma denga lija likanakonzeka. Chimene sichikanakonzeka ndi miyezi iwiri imene ndinkayankha kuti masamba ndi obiriwira.

Bambo sanaitchulenso nkhaniyi mpaka kumwalira kwawo. Ine ndimawerengabe. Mbande chikwi chimodzi ndi zana limodzi ndi makumi anayi. Mizere makumi atatu ya munda wa amayi. Ntchito ya bambo ya zaka zisanu ndi zinayi. Ndi Sitandade 3 yanga, imene ndinaisiya kwa milungu iwiri.