Ng'ombe Zimene Amalume Rajabu Analandira

Mumsika wa pa Mzimba Boma, mbali ya ogulitsa nsalu, muli benchi ya zitenje imene sipasowa amayi ngakhale pakati pa mwezi, anthu m'matumba muli mbee. Mwini wake ndi Zaina, mayi wamfupi wa ku Nkhotakota, wa mpango wosachoka kumutu ndi Chitumbuka chopindika chimene anzake anatopa kalekale kuchiwongola. Ambiri mwa amayiwo sabwerera nsalu. Amagwiragwira chitenje, kufunsa mtengo, kenako n'kutsitsa mawu kufunsa ngati kukhoti amalola munthu wopanda loya. Zaina amayankha zimene akudziwa, zikamukulira amawalozera njira. Malamulo sanaphunzire. Kukhoti anapitako chifukwa cha mwana wake Linily, ndipo nkhani yake inayamba ndi ng'ombe.

Zaina anafika pa Boma ali mtsikana kudzathandiza mkulu wake geni. Panali mnyamata wina, Wallace Shaba, wocheka matabwa ku Luwawa, amene mwezi ukatha ankabwera kudzagula chitenje pamene msika wonse unkadziwa kuti mkazi alibe. Ataona kuti zitenje zadzaza sutikesi, analankhula zimene ankabwerera. Kwawo kwa Zaina anayamba ang'ung'udza kuti mwamunayo si wa kumzikiti, mpaka tsiku lina lole inaima pakhomo pa amalume ake, a Rajabu, n'kutsitsa ng'ombe zochokera kufupi ndi Embangweni, kwawo kwa Wallace.

A Rajabu chibadwire anali asanawetepo chinthu choposa bakha. Kwawoko mwamuna amapereka kankhuku, ana amakhala a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Iwo anaona ngati mkamwini wawo ndi wamtima wabwino basi. Anathokoza, ina anaipha pa Idi mudzi wonse n'kudya nyama, zinazo zinafa ndi nkhupakupa. Safunsa anadya phula. Sanafunse kuti ku Mzimba ng'ombe za malowolo zikatuluka m'khola, ana onse obadwa m'banjamo amakhala a khola limenelo.

Banja lenilenilo linali lokoma. Wallace ankabwera kunyumba akununkha utuchi wa paini, Linily ali kamwana ankamukwera pakhosi, ndipo Zaina anatsegula benchi yakeyake. Koma mwanayo atangoyamba sitandade 2, Wallace anadwala chifuwa chimene sichinamve mankhwala. Anakamuika kumudzi kwawo.

Zaina anakhala pamudzipo nthawi yonse ya maliro monga mwambo ufunira. Tsiku lobwerera atamanga katundu wake ndi wa mwana, alamu ake a Zondwayo, mkulu wa Wallace, anatenga kachikwama ka Linily n'kukabwezera m'nyumba. Sanakalipe. A Zondwayo si munthu woipa, ndipo ndicho chinavuta, chifukwa woipa umadziwa pomugwira. Anamuuza mwaulemu kuti akafuna akhale pamudzi, munda amupatsa, koma akafuna za kumsika apite yekha.

"Mulamu, ng'ombe zili kwinu, mwana ngwithu. Mbwenu," anatero m'Chitumbuka, kutanthauza kuti mwanayo ndi wawo, basi.

Zaina anakwera minibasi yekha, ndipo kulira kwa Linily kunamuperekeza m'makutu mpaka pa Boma. Ankapitako kukamuona, atanyamula sopo ndi shuga. Mwanayo njala sankagona nayo, koma anali atasiya kucheza, ndipo amayi ake akamanyamuka ankangogwira msonga ya chitenje osalankhula kanthu. Zaina anaonda. Ankapatsa anthu chenji cholakwika, nsalu n'kudula mokhota.

Woyandikana naye benchi anali Loyce, wogulitsa nyemba, mayi wa konkuno wa pakamwa posapsatira. Loyce nayenso anasiya ana ake aamuna awiri kumudzi kwa mwamuna banja litatha, zaka zambiri zapitazo. Anawo anakula, ndipo akakumana naye mumsika ankamupatsa moni wa ulemu ngati wopatsa mayi wa kutchalitchi. Iye ndiye anauza Zaina kuti akasume.

Zaina anali ndi mantha a mitundumitundu. Ankati loya ndi wa anthu a magalimoto. Ankati kukhoti amalankhula Chingerezi chokhachokha, ndipo woluza mlandu amatulukira khomo la kundende. Chachikulu, ankaona ngati kusumira abale a malemu mwamuna wake ndi kutukwana manda.

"Ine nkhakhala chete, nkhati ni ulemu," anatero Loyce, kenako anatembenukira ku Chichewa kuti mnzakeyo amve bwino. "Taona ulemu umene ndinakolola. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mnzanga."

Anapita onse awiri m'mawa wina, mabenchi atawasiya ndi anansi. Kalaliki wa pakhoti anawamvetsera, n'kufotokoza kuti munthu atha kudziyankhulira yekha pamaso pa majisitireti, m'chinenero chake, womasulira alipo. Anatinso amene akufuna loya koma alibe mphamvu, boma lili ndi ofesi yothandiza otere, ndipo pa mlandu wa kumene mwana azikhala palibe amene amamangidwa chifukwa choluza. Zaina anafunsa zakundendezo kawiri kuti atsimikize. Chisamani chinapita kwa a Zondwayo, ndipo mayi wa kuofesi yoona za ana anapita kumudziko kukaona mmene Linily ankakhalira.

Tsiku la mlandu a Zondwayo anabwera atavala jekete, akuluakulu a pamudzi ali pambuyo. Analankhula bwino, zimenezo tisawamane. Anati mwana wa mng'ono wawo ndi mwana wawo, sangamutaye m'tauni ngati alibe kwawo, ndipo malowolo anaperekedwa poyera, olandira analandira ndi manja awiri.

Apa ndi pamene a Rajabu, amene anachita kubwera kuchokera ku Nkhotakota manyazi atawadya, anadzuka osaitanidwa. Anati ngati vuto ndi ng'ombe, iwo agulitsa dimba lawo la mpunga, agule zina abweze, mwanayo awomboledwe. Mesenjala anawakhazika pansi, koma mawuwo anali atatuluka kale. Kumbali ya a Shaba nkhope zinagwa. Kwa iwo kubweza ng'ombe ndi kumasula ukwati, ndi kunena kuti Wallace sanakwatirepo ndipo sanasiye mwana. A Rajabu anali atalakwitsa kachiwiri pa ng'ombe zomwezo.

Majisitireti anafunsa Zaina ngati zimenezo ndi zimene akufuna. Iye anaimirira, mawu n'kutuluka owongoka.

"Ayi, bwana. Ng'ombe zisabwerere. Wallace anandikwatira bwinobwino, ndipo Linily ndi wa kwa Shaba mpaka kalekale. Sindinabwere kudzamugula. Bambo ake anamwalira, mayi ake ndili moyo. Ndikupempha kuti azigona pamene ndikugona ine."

A Zondwayo, amene anabwera atakonzekera kulimbana ndi mkazi wofuna kuwalanda magazi awo, anayang'ana pansi nthawi yaitali.

Majisitireti anacheza ndi Linily payekha m'chipinda, anamvanso zimene mayi wa kuofesi ya ana uja anaona. Pogamula ananena kuti iyenso ndi wa konkuno, mkazi wake anachita kulowola, ndipo khoti silikunyoza mwambo umene umamanga mabanja awiri. Koma funso lakuti mwana azikhala kuti, lamulo siliyankha poyang'ana m'khola. Limayang'ana chimene chili chabwino kwa mwanayo. Linily azikhala ndi mayi ake ndi kuphunzira pa Boma, sukulu akatsekera azipita kumudzi kwa bambo ake.

Loyce anaiwala kumene anali n'kululutira, mpaka mesenjala anamutulutsa. Anakapitiriza panja.

A Zondwayo akanatha kumusiya mwanayo pakhoti pomwepo. Koma anapempha kuti mwanayo akatsanzike kaye agogo ake, ndipo Loweruka anabwera naye okha pa minibasi, atanyamula kachikwama kaja ndi thumba la mtedza. Pabenchi pa Zaina anavula chipewa, nati m'khola mwabadwa kathole, ndipo kameneko ndi ka Linily, NyaShaba wamng'onoyu, adzakakapeza katakula akadzabwera pa holide. Zaina anagwada n'kunena kuti yewo chomene, alamu, ndipo tsiku limenelo palibe anaseka Chitumbuka chake.

Linily sanathamange kapena kulira. Analowa kuseri kwa benchi, anakwera pa mulu wa zitenje pamene ankagona ali wamng'ono, n'kugwira msonga ya nsalu ya mayi ake. Atakhala pang'ono anayamba kufotokoza za mbuzi ya agogo imene inadya buku lake la masamu, za mtsikana wina amene anamuphunzitsa kusenza ndowa osagwira, za galu wa a Zondwayo, osapumira, mpaka msika unayamba kutsekedwa. Zaina tsiku limenelo sanagulitse kanthu. Aliyense wofunsa mtengo ankamuuza kuti abwere mawa, mwana akulankhula.