Mkango Ndinakauonera ku Lisboa

Mkango woyamba m'moyo mwanga ndinakauonera ku Lisboa, mzinda wa ku Ulaya, ine mwana wobadwira ku Milange. Ndinapita kumeneko kukaphunzira unamwino, ndipo ndinkakhala kwa mayi wina wamasiye, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi ndi mkamwini wawo. Mayiwo ndinkangowaitana kuti a Dona.

Chinandipalamulira ndi pakamwa pangapa. Tsiku loyamba a Dona atafunsa ngati kwathu kuli mikango, ndinati ili mbwee. Atafunsa ngati sitiiopa, ndinati tinazolowerana nayo. Maso awo anawala, ine nkhani n'kukoma. Pomatha mwezi, mikango yanga inali itayamba kumwa pachitsime chathu, a Dona atauza kale anzawo onse a kutchalitchi. Ankandikonda ngati mwana wawo, ndipo ndinkaopa kuti akadzadziwa zoona ndidzasanduka mlendo wabodza m'nyumba ya eni.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, mkamwini uja anatikweza galimoto kupita kumalo osungirako nyama zakutchire.

"Lero katswiri tili naye," anatero, akundiloza.

Pa akadyansonga ndinadzigwira. Pa njovu miyendo inkachita kundiyabwa kuti ndivine, koma ndinangogwedeza mutu n'kunena kuti zakwathu n'zazikulu kuposa apa. Kenako tinafika pa mkango. Unali gone padzuwa, ulesi wokhawokha. Unadzuka, n'kuyasamula, n'kubangula kamodzi kokha.

"Mayo ine!" Ndinalumphira kumbuyo kwa a Dona, nditawagwira m'chiuno, ndikuseka, ndikukuwa m'Chinyanja: "Ndi weniweni! Taonani mano! Anthuni, taonani mutuwo!" Chimwemwe chinandizunguza mutu. Nditakumbukira kuti ndine katswiri, onse atatu anali akundiyang'ana.

Ndinati ndibweze ulemu wanga pa anyani. Amenewo ndiye ndimawadziwa, ndinakula ndikulimbana nawo m'munda wa chimanga kutsinde kwa phiri la Tumbine. Kwathu aliyense amadziwa kuti nyani saopa mkazi, n'chifukwa chake polondera munda akazife timavala chipewa cha bambo. Ndinatsomphola chipewa cha mkamwini, n'kuchivala, n'kuwerama ngati ndikutola mwala, n'kukuwa ndi mawu aakulu: "Haaa! Choka! Choka!"

Kwathu ukatero gulu lonse limathawa chamtumbo chili m'mwamba. Awa ayi ndithu. Wina anapitiriza kudzikanda. Wamkulu anabwera pafupi, n'kundiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi, n'kutambasula dzanja kupempha chakudya. Anyani obadwira ku Ulaya! Mkamwini anaseka mpaka kukhala pansi, mkazi wake atatsamira mpanda, inenso misozi ili chuchuchu ndi phwete.

Kuseka kutatha, manyazi anandigwira. Ndinavula chipewa.

"A Dona, ndinkanama. Mkango sindinauonepo, ndauona lero."

"Ndinadziwa kalekale, mwana wanga," anatero. "Malemu amuna anga anakhalako kwanuko pa usilikali. Moyo wawo wonse ankandisimbira za mikango, koma tsiku limene tinabwera nawo pano anabisala kumbuyo kwanga, ngati iweyo. Chimwalirireni, m'nyumba muja munalibe wondinamiza. Iwe usasiye."

Anapukuta m'maso ndi kampango, n'kundikoleka mkono, ndipo tinabwerera kukauonanso bwinobwino mkango uja.