Bokosi la Mafyuzi Kuseri kwa Mpando

Lole ija inali ya mkazi wanga ndi mchimwene wake. Anaigula ine ndisanamukwatire, ndipo ankanyamulira mtedza ndi chimanga kuchokera ku Mkanda kupita ku Boma. Ine ndinangoipeza, monga momwe ndinapezera nyumba ndi munda, pakuti ndinali mkamwini.

Ndinaphunzira zamagetsi ku koleji, choncho tsiku loyamba kukwera kutsogolo kwa loleyo maso anga anathamangira pansi pa chiwongolero. Alamu anali atalumikiza chilichonse ku batire mwachindunji: wailesi, nyale younikira matumba kumbuyo, ndi machaja amene amayi a kumsika ankatchajirapo mafoni. Mawaya anali opotokola ndi manja, ena okulunga ndi pepala la shuga. Fyuzi ina itapsa, iwo anangoikuta ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Ndinanena pamaso pa anthu kuti imeneyi si lole koma mbaula ya matayala. Anthu anaseka. Alamu sanaseke.

Titafika kunyumba mkazi wanga anandiuza kuti munthu ukaona cholakwika pakhomo pa eni umakonza, sumalengeza. Ndinagula bokosi la mafyuzi asanu ndi limodzi, waya wonenepa ndi tepi, n'kuziika pamwamba pa kabati. Zinakhala pamenepo chaka chathunthu. Mkazi wanga akamasesa ankafunsa kuti, "A injiniya, bokosi lanu lija likufungatira mazira?" Ndinkayankha kuti lole siikhala pansi. Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kupempha makiyi kwa munthu amene ndinamuchititsa manyazi.

Mkazi wanga anadwala nthawi yokumba mtedza, ndipo anamwalira sabata isanathe. Za sabata imeneyo sindilemba. Anasiya mwana wamkazi wa zaka zitatu.

Patapita miyezi ankhoswe anakumana n'kundisudzula. Mwana anatsala kwa apongozi, monga mwa mwambo, ndipo sindinatsutse, popeza ndinali nditapeza ntchito ku Boma komwe ndinkakhala m'chipinda chimodzi. Ankhoswewo ananena kuti khomo ndi lotsegula, mwana ndi wanga. Koma mkamwini wosudzulidwa sangofika pamudzi manja lendelende sabata ndi sabata. Anthu amafunsa kuti waiwala chiyani. Ndinkadziwa kuti popanda chondibweretsa, mwanayo ndizidzamuona mwa apo ndi apo.

Polongedza ndinalipeza bokosi lija lili ndi fumbi. Ndinakumbukira kuti mwana amakwera kutsogolo kwa lole popita kutchalitchi, timiyendo tikulendewera pafupi ndi mawaya aja. Ndinapita kwa alamu n'kupempha lole Loweruka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anavomera.

Loweruka m'mawa anandipatsa makiyi, natenga kampando n'kukhala pafupi ndi tayala. Ine ndinaganiza kuti akulondera batire lawo. Ndinamasula batirelo, n'kuzula mawaya akale onse. Waya wonenepa ndinamuyambira ku batire, ndi fyuzi yaikulu pomwepo, n'kumulowetsa pa bowo la pansi pa mpando. Bowolo ndinalivundikira ndi chidutswa cha chubu kuti chitsulo chisamusende. Bokosi ndinalimanga kuseri kwa mpando, pomwe mwana sangafikepo.

Alamu anafunsa kuti phindu la fyuzi n'chiyani ngati imangopsa. Ndinawauza kuti ntchito yake ndi yomweyo, kupsa iyo waya asanapse. Anapukusa mutu nati ndiye kuti zaka zonsezi akhala akuilepheretsa ntchito. Pang'onopang'ono anachoka pa kampando paja. Anayamba kundigwirira waya, kupala utoto pa chitsulo pamene ndinawalozera, ndipo anandiuza kuti wailesi ija anaisankha ndi mlongo wawo, chifukwa ankati ulendo wa ku Boma wopanda nyimbo umatalika. Aka kanali koyamba kumutchula pamaso panga chiikireni maliro. Ine ndinangowapempha pulayala.

Dzuwa litafika paliwombo, apongozi anatumiza madzi ndi mbatata. Mwana anakhala pamiyendo panga akudya. Alamu anatiyang'ana, kenaka anati, "Alamu, ntchitoyi ndi yambiri. Lekezani pomwepa. Nyale yakumbuyo mudzapange Loweruka likudzali, machaja linzakelo. Lole sithawa."

Ndinayankha kuti kwangotsala mawaya atatu, pofika 2 koloko ndikhala nditamaliza.

"Mukuthamangira kuti? Ine mutu wangawu ndi wouma. Zimenezi muzindiphunzitsa pang'onopang'ono, ngati mwana wa sukulu."

Ndinati asavutike, ndiwalembera zonse papepala.

Anasenda mbatata, kenaka anati, "Chabwino, a injiniya."

Ine ndinamva ngati akukayikira ngati ndingathe. Ndinamutsitsa mwana n'kulowanso pansi pa chiwongolero. Ndinamaliza nthawi ndinanena ija isanakwane. Tinaliza injini, tinayatsa chilichonse, ndipo palibe waya amene anatentha. Pachivundikiro cha bokosi ndinalemba fyuzi iliyonse ndi chimene imateteza. Pomaliza ndinawapatsa kabotolo kodzaza mafyuzi apadera, okwanira zaka zambiri. Anakagwedeza pafupi ndi khutu nati, "Mwatisiyira zonse. Palibenso chokuitanirani." Ndinathokoza, poganiza kuti akundiyamikira.

Zimene ankatanthauza ndinazimvetsa patapita masabata atatu, Loweruka lina nditachapa zovala n'kukhala pakhomo pa chipinda changa wopanda kopita. Munthu amene ndinamunyoza pagulu anandikonzera njira yobwerera kwa mwana wanga popanda wina wofunsa, ndipo anadzichepetsa mpaka kudzitcha wouma mutu kuti ine ndisaoneke wopempha. Ndikanatha kupita tsiku lomwelo n'kunena kuti ndabwera kudzaona ngati mawaya sanamasuke. Sindinapite. Ndinkadziwa kuti sanamasuke, ndipo kunama kwa mtundu umenewo sindinakuphunzire.

Papita zaka ziwiri. Kumudziko ndimapita pa Khirisimasi ndi nthawi zina pakakhala chifukwa. Amanditulutsira mpando wa alendo.

Mwezi watha lole inaima pafupi ndi msika wa ku Boma, itadzaza matumba a mtedza. Ndinafunsa alamu za magetsi, ndipo anati palibe fyuzi ndi imodzi yomwe imene yapsa, kabotolo kaja sanakatsegulebe. Mwana anali kutsogolo, wakula ndithu. Anandiyang'ana pawindo mpaka alamu anamukhudza paphewa n'kumuuza kuti apereke moni kwa abambo ake. Anatsika, anagwada, nandipatsa dzanja atagwira mkono ndi linzake, monga anamuphunzitsira kuchita kwa akuluakulu ochokera kutali.