Kapitawo Womaliza wa a Fulansisi

Alamu anga a Fulansisi anabwera kwathu ku Zemba ndi zinthu zitatu: njinga yopanda mabuleki, jekete la ukwati, ndi tambala m'dengu. Njinga inatha, jekete linadyedwa ndi mbewa. Anakwatira akulu anga a Monika n'kukhala pachikamwini, ndipo patha zaka makumi atatu munda ukadali wa a Monika, nkhokwe ya a Monika, ana asanu onse ndi a mbumba yathu. Chawochawo pamudzi pano chinali tambala basi.

Tambalayo dzina lake linali Kapitawo. Akakalamba Kapitawo, a Fulansisi sankasankha wina pakati pa anapiye a pakhomo, chifukwa amenewo ndi a mwini thadzi. Ankapalasa njinga yobwereka mpaka kwawo ku Zingalume, kukatenga tambala wa m'khola la amayi awo, n'kumutchanso Kapitawo. Wa chaka chathayu anali wachisanu ndi chinayi, ndiponso womaliza wochokera kumeneko. Amayi awo anamwalira, abale anabalalikira ku Chipata, pamene panali khola pamera chisoso.

Munthu wake si woipa ayi. Amalima ngati ng'ombe, satukwana, kutchalitchi amafika belu lisanalire. Vuto lawo n'limodzi: amakhulupirira kuti chilichonse chachimuna n'chachitsulo. Iwo eni kuchipatala sapita, ati n'kwa amayi apakati ndi ana a sikelo. Koma chimfine chikawagwira, mudzi wonse umadziwa. Amagona pamphasa atafunda mabulangete awiri masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuyamba kugawa makasu awo kwa ana. Chimfine chomwecho a Monika amapita nacho kudimba.

Chaka chatha mu Ogasiti kunamveka kuti chitopa chalowa m'midzi ya kufupi. Kunabwera mlangizi wa ziweto wochokera kuboma, mtsikana wina dzina lake Joanna, ndi katemera wodonthezera m'diso la nkhuku. Pofika pakhomo pathu, kabotolo kanali katatsala madontho asanu ndi limodzi, pomwe nkhuku zinali zisanu ndi ziwiri: mathadzi asanu ndi limodzi a a Monika, ndi Kapitawo.

"Tiyambe ndi tambalayu, bambo," anatero Joanna.

A Fulansisi anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, uyu? Taona chifuwacho. Uyu anathamangitsa galu wa aneba athu a Lenard mpaka kumjigo. Patsa amayiwa, ndiwo ofooka."

Joanna anakhala pa mtondo n'kuwafotokozera mofatsa. Anati chitopa sichisankha, chimapha zonse, koma pa nyama zambiri yaimuna ndiyo imakhala ndi chitetezo chochepa m'thupi. Kuyambira kalekale, tambala amene ankasiya ana ambiri ndi amene ankathera mphamvu zake pa lipombo lofiira pamutu, pa kulira ndi pa ndewu, ngakhale afe msanga. Thadzi lomwe linkasiya ana ambiri ndi lomwe linkakhala moyo nthawi yaitali, likuikira ndi kulera chaka ndi chaka. Ndiye mibadwo ikupita, wina anatengera zodzionetsera, wina anatengera kupirira matenda.

Ine ndinati, "Mwamva alamu? Akunena za mabulangete anu aja."

Anandiyang'ana cham'mbali. Kwa Joanna anati, "Sukulu ndi yabwino, koma nkhuku ndayamba kuweta iwe usanabadwe." Atatero anagwira okha mathadzi, limodzilimodzi, kuwatsegula diso mwaulemu ngati akuthandiza nkhalamba kukwera minibasi. Kapitawo anali pamwamba pa nkhokwe, akulira ngati walandira udindo.

Sabata ziwiri zisanathe, Kapitawo anasiya kulira. Anaima pakona pa khola, mapiko ali lende, khosi litapindika. Apa ndinasiya kuseka, chifukwa ndinaona zomwe sindinaonepo. Bambo wa imvi uja anakhala pansi m'fumbi, tambala ali pamiyendo, akumumwetsa madzi a tsabola ndi phulusa pa supuni. Anapalasa mpaka kuboma kukafuna Joanna, iye n'kuwauza zoona, kuti katemera sachiza yodwala kale. Pobwera anapeza Kapitawo atauma.

Sanalole kuti atayidwe kudzala. Anamukwirira kuseri kwa nyumba. Ine zinandiwawa, ndisaname. Mathadzi aja, limodzi lokha ndilo linafa, enawo ankangopalasa ngati palibe chachitika.

Thadzi lina lakuda linali litakhalira mazira khumi nthawi yonseyi. Litaswa, anapiye anayi anatuluka ndi miyendo yaitali yachikasu, ya Kapitawo yeniyeni. A Fulansisi anatsitsimuka. Anayamba kuwasinjira gaga, kuwathamangitsira akabawi, ndipo kamodzi kakang'ono kolusa anakamangirira kansalu kofiira kumwendo.

Tsiku lina a Filimoni, malume athu amene amayang'anira mbumba, anabwera kudzacheza. A Fulansisi anawaonetsa kamwanapiye kaja monyadira. "Uyu ndi Kapitawo wachikhumi. Mbewu ya kwathu sinathe."

A Filimoni anafunsa, osati mwachipongwe, anangofunsa: "Kodi thadzi lake ndi la yani?"

"La a Monika."

"Ndiye mwafunsa eni ake?"

A Fulansisi anayang'ana kamwanapiyeko, kenako anayang'ana mwana wawo woyamba Clement, amene ankakonza ngolo pabwalo. Clement ali ndi mphumi ya bambo ake, mayendedwe a bambo ake, koma a Filimoni ndiwo anakambirana za ukwati wake, bambo ake anangouzidwa tsiku.

A Monika anali akupeta mtedza. Osadzutsa mutu anati, "Katengeni, bambo a Clement. Ndakupatsani. Koma Joanna akabweranso, kameneko ndiko kayambe kulandira dontho."

A Fulansisi anavomera. Anawombanso m'manja kuthokoza, monga achitira mlendo akapatsidwa nkhuku, n'kukanyamula kamwanapiyeko ndi manja awiri.